Kujambula thupi la munthu motsatira njira za akatswiri akale a ku Italy: malangizo kwa ojambula a ku Mangochi

Achinyamata ambiri a luso la zojambula kuno ku Mangochi amaphunzira pokopera zithunzi za pa foni, ndipo ena amafika pojambula nkhope yofanana ndi mwini wake moti aliyense amamuzindikira. Vuto limayamba akangotsika kumunsi kwa khosi, chifukwa mapewa amaoneka opanda fupa, mikono imapindika pamalo pamene palibe mfundo, ndipo munthu wojambulidwayo saoneka kuti waponda pansi. Ojambula a ku Italy analimbana ndi vuto lomweli m'zaka za m'ma 1400 ndi m'ma 1500, nyengo imene akatswiri a mbiri yakale amaitcha Renaissance, ndipo njira imene anapeza ingagwire ntchito pagombe la ku Makawa kapena pamsika wa pa Boma monga mmene inagwirira ku Florence. Njirayo imayamba ndi muyeso, kenako mafupa, kenako minofu, khungu n'kubwera pomalizira.

Zipangizo zake si zofuna ndalama zambiri. Cennino Cennini, amene analemba buku la malangizo a ojambula cha m'ma 1400, anafotokoza kuti makala ojambulira ankawapanga pomanga timitengo touma m'timitolo, kutiika mumphika wotsekedwa bwino, ndi kupita nawo kwa wophika buledi kuti ugone mu uvuni usiku wonse. Inunso dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, musende makungwa, mutiike m'chitini chokhala ndi chivundikiro chimene mwaboola kabowo kamodzi, ndipo muchiike pambaula mpaka utsi utaleka kutuluka. Musatsegule chitinicho chisanazizire, chifukwa mpweya ukalowa timitengoto timayaka n'kusanduka phulusa. Makala ophikira nsima nthawi zambiri amakhala olimba ndipo amakanda pepala. Pofufuta, Cennini ankalangiza kugwiritsa ntchito nthenga, ndipo ya nkhuku ndi yokwanira. Pezaninso mapepala akhakhi, ngakhale a mkati mwa thumba la simenti, ndi choko choyera cha kusukulu.

Kuyeza msinkhu

Miyeso imene ojambula a nthawi imeneyo ankayambira nayo inachokera kwa Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma amene anakhala ndi moyo Yesu atatsala pang'ono kubadwa. Iye analemba kuti mwa munthu woumbidwa bwino, mutu kuyambira kuchibwano mpaka paliwombo ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a msinkhu wonse, nkhope kuyambira kuchibwano mpaka poyambira tsitsi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mkono kuyambira pachigongono mpaka kunsonga za zala ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Nkhope anaigawa patatu mofanana: kuchibwano mpaka kunsi kwa mphuno, kunsi kwa mphuno mpaka pansidze, ndi pansidze mpaka poyambira tsitsi. Ananenanso kuti munthu akatambasula mikono, kuchokera nsonga ya chala cha dzanja lina kukafika ya linalo n'chimodzimodzi ndi msinkhu wake, komanso kuti akagona chagada atatambasula manja ndi miyendo, mchombo umakhala pakatikati pa mzere wozungulira wokhudza zala zake zonse.

Cha m'ma 1490, Leonardo da Vinci anajambula munthu woima mkati mwa mzere wozungulira ndi sikweya, chithunzi chimene lero chimasungidwa ku Venice. Chofunika kuchiona pa chithunzichi n'chakuti Leonardo sanangomvera Vitruvius. Atayeza anthu amoyo, anapeza kuti mzere wozungulira ndi sikweya sizingakhale ndi pakati pamodzi, choncho pakati pa mzere wozungulira anapasiya pamchombo koma pakati pa sikweya anapatsitsa kufika pachinena. Phazi, limene Vitruvius anati ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a msinkhu, iye analiika pa gawo limodzi mwa magawo 7.

Yambani pojambula mzere woimirira ndi kuugawa magawo 8 ofanana. Gawo loyamba lithere pachibwano, lachiwiri pansonga za mawere, lachitatu pamchombo, lachinayi pachinena, pamene ndi pakati pa thupi lonse. Lachisanu ndi chimodzi lithere kumunsi pang'ono kwa mawondo, ndipo lomaliza pansi pa mapazi. Mikono ikalendewera, chigongono chimakhala cha m'chiuno ndipo nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Bwerezani zimenezi mpaka mutaziloweza, kenako mutenge chingwe ndi kuyeza mnzanu weniweni, ataima chotsamira khoma kapena atagona pamchenga. Mudzapeza kuti anthu akuluakulu ambiri msinkhu wawo umakwana mitu 7 kapena 7 ndi theka, kuti mwa ambiri mikono yotambasula imaposa msinkhu pang'ono, ndi kuti mwana wakhanda amangokwana mitu pafupifupi 4. Lembani zimene mwapeza m'kope, chifukwa tidzazifuna kutsogoloku.

Munthu amene ali patali mumamuyeza ndi pensulo. Tambasulani mkono wonse osapinda chigongono, tsinzinani diso limodzi, ikani nsonga ya pensulo paliwombo pake ndi chala chachikulu pachibwano, kenako muwerenge kuti muyeso umenewo ukulowa kangati m'thupi lonse. Mukapinda chigongono ngakhale pang'ono, miyeso yotsatira yonse isokonekera.

Mafupa poyamba

Leon Battista Alberti, m'buku lake lonena za kujambula la mu 1435, analangiza kuti wojambula ayambe waika mafupa m'malo mwake, awonjezere minofu ndi mitsempha, kenako aphimbe zonsezo ndi khungu. Anadziwa kuti ena adzafunsa phindu la kujambula zinthu zosaoneka, ndipo anayankha kuti ngakhale munthu wovala timayamba tamujambula thupi lake tisanamuveke. Mmisiri womanga nyumba ya udzu amayamba ndi mizati ndi phaso, ndipo denga likapendekera, kufolera bwino sikungaliwongole.

Thupi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206, koma wojambula ayambe ndi zigawo zitatu zolimba zimene sizisintha maonekedwe: chigaza, nthiti zonse pamodzi, ndi fupa la chiuno. Zitatuzi zimalumikizidwa ndi msana, umene uli ndi timafupa 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, ndi 5 kumunsi, ndipo kupindika ndi kupotoka kwa thunthu kumaonekera kwambiri m'mipata ya pakati pa zigawozi. Msana si wowongoka: mukauona cham'mbali, umalowa mkati pakhosi, umatuluka pamapewa, n'kulowanso mkati pamwamba pa chiuno. Jambulani zigawo zitatuzi zokha, nthiti ngati dzira loimirira ndi chiuno ngati beseni, kwa masiku angapo musanaganize za nkhope.

Buku labwino koposa la mafupa ndi thupi lanu lomwe. Gwirani mafupa awiri opingasa kumunsi kwa khosi ndi kadzenje ka pakati pawo, nsonga ya phewa, chigongono, nsonga ziwiri za chiuno kutsogolo, bondo, msongolo ndi akakolo. M'malo amenewa fupa lili pafupi ndi khungu mwa munthu wonenepa ndi wowonda yemwe, ndipo ndiwo malo oyezera. Muona kuti kakolo wamkati ali pamwamba kuposa wakunja, chinthu chaching'ono chimene chimachititsa phazi kuoneka loona. Ikani dzanja lamanzere kuseri kwa phewa lamanja, n'kukweza mkono wamanja: fupa lathyathyathya la pamenepo limayenda pamwamba pa nthiti. Kenako tembenuzani chikhatho chiyang'ane pansi, mumve mmene limodzi mwa mafupa awiri a mkono limapingasira pamwamba pa linzake.

Akatswiri aja chidziwitsochi anachipeza movutikira, pong'amba mitembo m'nthawi imene kunalibe njira yoisungira kuti isawole. Michelangelo, wosema ndi wojambula wotchuka, ali mnyamata ankaloledwa kuchita zimenezi pachipatala cha amonke a ku Santo Spirito ku Florence, ndipo pothokoza anawasemera mtanda wa mtengo. Leonardo anang'amba thupi la nkhalamba ina imene inamwalira pachipatala cha Santa Maria Nuova cha m'ma 1507 kapena 1508, imene inanena yokha kuti inali ndi zaka zoposa 100, ndipo mu 1517 anauza alendo ake ku France kuti anali atang'amba mitembo yoposa 30. Phindu la khama limeneli limaoneka tikakumbukira kuti Cennini uja analemba kuti mwamuna ali ndi nthiti imodzi yochepa poyerekeza ndi mkazi, pamene zoona zake n'zakuti onse awiri ali ndi nthiti 12 mbali iliyonse. Buku la dokotala Andreas Vesalius lonena za thupi la munthu, la mu 1543, linakonza zolakwika zambiri zoterezi, zina zochokera kwa Galen, sing'anga wakale amene ankaphunzira thupi la munthu pong'amba nyama.

Ife sitifunika kukhudza mtembo, ndipo malamulo ndi mwambo wathu sizingalole. Zojambula za Leonardo ndi zithunzi za m'buku la Vesalius zimapezeka pa intaneti, komanso buku la Biology la kusekondale lili ndi chithunzi cha mafupa onse. Kubutchala mungaone pa mwendo wa mbuzi mmene mnofu umathera m'kachingwe koyera kogwira fupa, koma musakopere phewa lake, chifukwa mbuzi ilibe mafupa opingasa aja a kumunsi kwa khosi.

Kuti munthu aponde pansi

Munthu saima nthawi yaitali atagawa kulemera kwake mofanana pamiyendo yonse iwiri. Amatsamiritsa thupi pamwendo umodzi, winawo n'kumasuka, ndipo zikatero chiuno chimakwera mbali ya mwendo wonyamula kulemera pamene phewa la mbali yomweyo limatsika. Agiriki anaonetsa kaimidwe aka m'zosema zawo, monga chiboliboli cha mnyamata wonyamula mkondo cha Polykleitos cha m'ma 440 B.C., ndipo a ku Italy anakadzutsanso. Chiboliboli cha David chimene Michelangelo anasema kuyambira 1501 mpaka 1504 chaima chomwechi.

Lamulo loyesera ndi losavuta, ndipo Leonardo analilemba: munthu akaima pamwendo umodzi, kadzenje ka pakhosi kamakhala pamwamba penipeni pa phazi lonyamula kulemera. Mangani kamwala kunsonga ya ulusi, muulendewetse patsogolo panu molunjika kadzenjeko, muone pamene ulusiwo ukugwera pansi. Mzere umenewu ndi woyamba kuujambula, kenako mzere wa mapewa ndi wa chiuno, uliwonse ndi kupendekera kwake.

Pa nkhani ya kulemera, dera lathu lili ndi aphunzitsi ochuluka kuposa amene wojambula wa ku Florence akanawalota. Mayi wosenza ndowa amawongola khosi ndi msana kuti katundu akhale pamwamba pa mapazi, pamene wobereka mwana amaweramira kutsogolo pang'ono pobwezera kulemera kwa kumbuyo. Wonyamula chigubu kudzanja limodzi amapendekera mbali inayo ndipo mkono wopanda katundu umachoka m'thupi wokha. Asodzi okoka khoka amagonera kumbuyo kwambiri moti ulusi uja umagwera kunja kwa mapazi awo, chifukwa chingwe ndicho chawagwira, ndipo mukawajambula popanda kuonetsa kukungika kwa chingwecho amaoneka ngati akugwa chagada. Wopalasa bwato ndiye phunziro lalikulu, popeza chiuno chake chimakhazikika pamene nthiti zimapotoka kutsatira nkhafi. Anthu oterewa sangakuimirireni, choncho ajambuleni mwachangu, mphindi imodzi aliyense, mizere yochepa yosonyeza kumene kulemera kwapita, opanda nkhope kapena zala.

Minofu ndi kuwala

Wophunzira akangodziwa minofu amafuna kuionetsa yonse. Antonio del Pollaiuolo, cha m'ma 1470, anagoba chithunzi chotchuka cha amuna 10 akumenyana, mnofu uliwonse wa aliyense utatupa nthawi imodzi. Leonardo anadzudzula ojambula a mtundu umenewu, ponena kuti anthu awo amaoneka ngati matumba odzaza mtedza, ndipo analangiza kuti uoneke mnofu wokhawo umene ukugwira ntchito. Mnofu umakoka basi, sukankha. Wakutsogolo kwa mkono ukatupa popinda chigongono, wakumbuyo umakhala utamasuka, ndipo powongola mkono zimasinthana. Mwa wopalasa bwato yang'anani mnofu waukulu wochokera kumsana kupita kukhwapa, umene umakokera mkono pansi ndi kumbuyo. Mwa wakabaza wokwera chitunda yang'anani kutsogolo kwa ntchafu ndi akatumba a mwendo umene ukupondereza, ndipo mwendo winawo muusiye wofewa.

Kuwala kumafuna chisamaliro chapadera, chifukwa mabuku ambiri ophunzitsa kujambula analembedwa poganizira khungu loyera. Ojambula ena amadetsa thupi lonse ndi makala mofanana poganiza kuti akuonetsa mtundu wa khungu, ndipo potero amakwirira mafupa ndi minofu zimene anavutikira. Pa khungu lakuda, maonekedwe a thupi amadziwika kwambiri ndi kunyezimira kwa malo otukuka, monga pachipumi, pamasaya, pansonga ya phewa ndi pamsongolo, komanso ndi kuwala kobwerera kuchokera kumchenga kapena kumadzi kumene kumalowa m'mphepete mwa mthunzi. Apa ndi pamene pepala lakhakhi limathandiza, monga ojambula akale aja ankakondera mapepala opakidwa mtundu: pepalalo likhale mtundu wapakati, makala agwire mithunzi yokha, choko chigwire malo ochepa owala kwambiri. Jambulani mmawa kapena chakumadzulo dzuwa likamawomba cham'mbali, chifukwa la masana limasiya maenje akuda m'maso ndi pansi pa chibwano. Funafunani chithunzi cha Katharina, mtsikana wa ku Africa wa zaka 20 amene wojambula wa ku Germany Albrecht Dürer anamujambula ku Antwerp mu 1521 ndi kawaya ka siliva, muone mmene mizere yopepuka inakwanitsira kuonetsa nkhope yake popanda kuidetsa.

Wojambulidwa ndi ulemu wake

M'nyumba zojambulira za ku Italy, anyamata ophunzira ntchito ndiwo ankaimira mbuye wawo, ngakhale pokonzekera kujambula akazi. Chojambula cha choko chofiira chimene Michelangelo anakonzekera nacho mneneri wamkazi wa ku Libya, wa padenga la tchalitchi cha Sistine limene analijambula kuyambira 1508 mpaka 1512, chimaonetsa msana wa mwamuna. Choncho kusinthana ndi anzanu ojambula, wina kuima wina kujambula, ndi njira yakale ndiponso yabwino. Kabudula ndi wokwanira, palibe chifukwa chovulira munthu. Lembani ndi choko pamene mapazi aponda, ndipo muzimupumitsa pakatha mphindi 20 zilizonse.

Munthu wachilendo muyambe mwamupempha, monga kunena kuti, "Achimwene, ine ndimaphunzira zojambula, kodi mungandilole ndikujambuleni pamene mukusoka ukondewu?" Akakana, thokozani n'kupita. M'boma lino muli anthu ambiri, Asilamu ndi ena, amene chikhulupiriro chawo sichigwirizana ndi kujambulidwa, ndipo ali ndi ufulu wonse wokana. Musajambule anthu akusamba kunyanja, ana musawajambule makolo asanavomere, ndipo amene wasiya ntchito yake kuti akuimirireni mumulipire. Kwa wovala mkanjo kapena chitenje, tsatirani Alberti: jambulani mopepuka zigawo zitatu zija ndi miyendo, kenako mupachike nsalu pamalo amene yagwira, monga pamapewa, pachiuno ndi pabondo lotsogola, popeza makwinya onse amayambira pamenepo.

Thupi langwiro ndi la yani?

Akatswiriwa sankayeza thupi pofuna kulondola kokha. Ankakhulupirira kuti Mulungu anapanga chilengedwe mwa nambala ndi muyeso, kuti munthu wolengedwa m'chifaniziro chake ndi dziko laling'ono losonyeza dongosolo la dziko lalikulu, ndi kuti nyumba yopemphereramo yomangidwa motsatira miyeso ya thupi imakhala yokongola pa chifukwa chomwecho. Motsatira Plato, katswiri wa nzeru wachigiriki wakale, ambiri ankaganiza kuti kuseri kwa matupi onse opereweza kuli chithunzi chimodzi changwiro chimene wojambula ayenera kuchifunafuna. Ankakonda kubwereza nkhani ya Zeuxis, wojambula wachigiriki amene anasankha atsikana asanu a mumzinda wa Croton n'kutenga chokongola cha aliyense kuti apange mkazi mmodzi. Alberti anachita zofanana ndi zimenezi poyeza anthu ambiri ooneka bwino ndi kulemba miyeso yapakati.

Dürer ndiye anapita patali ndi ntchito yoyezayi, ndipo zimene anapeza n'zofunika kwa ife. M'mabuku ake anayi a miyeso ya thupi, osindikizidwa ku Nuremberg mu 1528 iye atamwalira, sanapereke munthu mmodzi wangwiro koma mitundu yambiri ya amuna ndi akazi, ojintcha a mitu 7 mpaka owonda aatali a mitu 9 ndi 10, ndipo m'zolemba zake ananena kuti chimene kukongola kuli iye sakuchidziwa. Michelangelo naye, malinga ndi Giorgio Vasari amene analemba mbiri yake, ankanena kuti choyezera chiyenera kukhala m'maso osati m'manja, ndipo David wake, wotalika mamita oposa 5, ali ndi mutu ndi manja zazikulu kuposa zimene lamulo limanena.

Maganizo anga ndi akuti thupi limene iwo ankalitcha langwiro linasankhidwa kuchokera ku matupi amene ankawaona m'misewu yawo ndi ku ziboliboli zakale zimene ankafukula, ndipo kusankhako kunali ndi malire ake. Cennini anafika polemba kuti miyeso ya mkazi saitchula chifukwa mkazi alibe muyeso wokhazikika. M'zaka za pambuyo pake, nkhope za ziboliboli zachigiriki zinagwiritsidwa ntchito ndi anthu atsankho posanja mitundu ya anthu, wina pamwamba wina pansi. Zimandipweteka ndikaona wojambula waluso wa kwathu akusongola mphuno ndi kuchepetsa milomo ya agogo ake kuti afanane ndi chithunzi cha m'buku. Chimene tiyenera kutenga kwa Alberti ndi Dürer ndi ntchito imene anagwira, yoyeza anthu amoyo ambiri, kuyerekeza, ndi kusankha ndi diso lophunzitsidwa.

Bwererani tsono kukope lija. Yezani anthu osachepera 10 amene avomera, achinyamata ndi achikulire, ojintcha ndi owonda, ndipo pa aliyense mulembe msinkhu, kutalika kwa mutu, kutambasula kwa mikono, kutalika kwa phazi ndi mtunda wochoka pansi kufika pachiuno. Gawani muyeso uliwonse ndi kutalika kwa mutu wa munthuyo kuti anthu aatali ndi aafupi athe kuyerekezeka. Mukafuna kujambula msodzi wa pachithunzi chachikulu, tengani kaimidwe kuchokera ku zojambula zachangu za pagombe, miyeso kuchokera m'kope, ndipo manja, mapazi ndi msana muzijambule padera pamapepala ena kuchokera kwa mnzanu woima. Zikagwirizana, lembani timabokosi tofanana pamwamba pa chojambula chaching'ono ndi timabokosi tokulirapo, tochuluka chimodzimodzi, pansalu kapena pakhoma, n'kusamutsa bokosi limodzi limodzi. Zojambula za makala zimafufutika msanga, choncho muzilembe deti, muike pepala loyera pakati pa chilichonse ndi chinzake, ndipo muzisunge pamalo ouma osafika chiswe.